Mawu a kompyuta akumveka lero, mawa zii: mayankho kwa ofunsa a mu Lusaka

Funso, kuchokera kwa bambo wina wa ku Matero amene amajambula nyimbo za makwaya: "Kompyuta yanga ya patebulo ili ndi sound card (kabolodi kotulutsa mawu) yochita kuikamo. M'mawa imaimba bwinobwino, koma dzuwa likakwera mawu amayamba kuthetheka, kenako mbali ya kumanzere imangoti zii. Ndikaizimitsa n'kudikira, mawu amabwerera. Ndikapita nayo kwa okonza imagwira ntchito ngati yatsopano. Anafomata, anaikamo Windows ina, koma palibe chasintha. Ndigule card ina?"

Bambo, ndalamayo isungeni kaye m'thumba. Vuto lobwera n'kuchoka ndi limene limadyera anthu ndalama zambiri pa ntchito yathuyi yokonza makompyuta. Wokonza amasintha kanthu kamodzi, mawu n'kubwerera okha monga amachitira masiku onse, iye n'kukhulupirira kuti wakonza, inu n'kulipira. Ine sindisintha chipangizo chilichonse ndisanapeze njira yoliputira vutolo kuti lionekere nthawi imene ndafuna. Likamabwera poliputa, ndiye kuti tikakonza tidzathanso kutsimikiza kuti lapitadi.

Poyambira mwandipatsa kale: vuto lanulo limadikira kutentha. Makina anu akuchita ngati mwana amene watentha thupi usiku wonse, koma pofika naye ku kiliniki akuseka ndi kusewera. Okonza aja anaiyatsa itazizira panjira, mwina atachotsanso chivundikiro cha m'mbali, n'kumvetsera kanthawi kochepa. Kwanu imagwira maola ambiri m'chipinda chotseka mawindo kuti phokoso la mumsewu lisalowe m'maikolofoni, ndipo mu Okutobala muno mu Lusaka kunja kwenikweniko kumapitirira madigiri 30. Chitsulo chikatentha chimafutukuka pang'ono. Ngati pali mwendo wa kachipangizo pamene solder (mtovu wowotcherera mwendowo pa bolodi) inang'aluka, mng'alu woti maso sangauone, potentha umatseguka ndipo pozizira umatsekeka. Ndicho chifukwa chake kuzimitsa kumaoneka ngati mankhwala.

Tisanaimbe mlandu card, chotsani zonse zili pakati pa iyo ndi makutu anu. Zulani mikisa, ampulifaya ndi mawaya onse, mulowetse mahedifoni odalirika pabowo lobiriwira la kumbuyo kwa card, muike nyimbo imodzi yoidziwa bwino kuti izingobwereza mpaka masana. Mbali ya kumanzere ikapanda kufa, vuto lili kunja kwa kompyuta, ndipo kawirikawiri limakhala waya woduka mkati pafupi ndi mutu wake, kapena batani la voliyumu la ampulifaya lodzaza fumbi. Makadi ambiri amene ndawaona atatayidwa analibe mlandu uliwonse, wolakwa anali waya.

Ikafanso pamahedifonipo, mvetserani kafedwe kake, chifukwa kamanena zambiri. Mawu akamadukaduka mbali zonse ziwiri nthawi imodzi, ngati nyimbo ikuchita chibwibwi, ndimakayikira mapulogalamu. Nthawi zambiri amakhala driver (pulogalamu yoyendetsa chipangizo) wa Wi-Fi kapena wa graphics amene wagwira processor (ubongo wa kompyuta) nthawi yaitali, mawu n'kusowa mpata. Pulogalamu ya LatencyMon imaonetsa driver amene akuchedwetsa anzake. Koma mbali imodzi yokha kufa, ndiponso kufa potentha, limenelo ndi vuto la njira imene mawu amadutsa atachoka kale mu chip yopanga mawu: bowo lolowetsa waya, kapasita (kachipangizo konga kachitini kosunga magetsi), kachip kokweza mawu, kapena solder. Windows sidziwa kuti kunja kwatentha. Kufomata kuja kunangokutayitsani nthawi, ndipo ndikhulupirira munasunga nyimbo za makwaya zija kwina asanayambe. Amene akufuna umboni angayatse kompyutayo ndi Ubuntu (pulogalamu yoyendetsa kompyuta m'malo mwa Windows) ya pa flash, osaikamo chilichonse. Vuto likatsatira kumeneko, nkhani ya driver yatha.

Tsopano kuliputa. Tsegulani bokosi m'mawa makina akadali ozizira, nyimbo ikulira. Tengani kamtengo kouma kapena cholembera cha pulasitiki, osati sikuludiraiva, muzigogoda pang'onopang'ono pa card: pafupi ndi mabowo, pamwamba pa makapasita, m'mphepete. Mukanikizenso card yonseyo pang'ono chammbali. Pamene mawu athetheke pogogoda, pamenepo ndi pamene pali nkhani. Kugogoda kukapanda kuonetsa kanthu, bwerekani dryer ya ku saluni, muiike pa mphepo yofunda chabe, muilozetse pa card muli chapatali ndithu, mbali imodzi kwa masekondi angapo kenako ina. Mawu akafa, chotsani dryer muone ngati abwerera pozizira. Bwerezani mpaka mudziwe kachigawo kamene kakumva kutentha. Kabokosi ka power supply kokha, kamene kamapereka magetsi ku kompyuta yonse, musakatsegule; makapasita a m'menemo amasunga magetsi oopsa ngakhale mutazula pakhoma.

Nthawi zina card imakhala yabwino koma sinakhale bwino m'malo mwake. Zulani chingwe cha magetsi, mudine batani loyatsira kuti magetsi otsalira athe, mugwire chitsulo cha bokosi, kenako muzule card. Timano tagolide ta m'munsi mwake mutipukute ndi kansalu konyowetsa ndi isopropyl alcohol. Sipiriti wofiirira uja wa m'magolosale amasiya zotsalira, sindimukonda pa ntchitoyi. Mupemerere fumbi lichoke mu slot (mpata umene card imalowamo), chifukwa fumbi la Ogasiti ndi Seputembala likakumana ndi chinyezi cha mvula yoyamba limamata ndi kuyambitsa dzimbiri. Pobwezera, onetsetsani sikulu ya kumbuyo: m'mabokosi opindika, kumanga sikuluyo kumatukula mbali ina ya card. Ngati ndi ya PCIe x1, ya timano tochepa yolowa mu slot yaifupi, iyeseni mu slot ina, ngakhale yaitali ija ya x16 imailandira.

Yang'ananinso mitu ya makapasita. Iyenera kukhala yafulati. Yotupa kapena yotuluka zofiirira ndi yakufa. Zipangizo zambiri zopangidwa pakati pa 1999 ndi 2007 zinali ndi makapasita osalimba, ndipo makadi akale a PCI a nthawi imeneyo akadali m'mastudio ambiri ang'onoang'ono. Pamakadi ambiri mbali iliyonse ya mawu ili ndi kapasita wake potulukira, ndiye mmodzi akafooka mbali yakeyo imayamba kuchepa bass isanafe. Kusintha kapasita kapena kuwotcherera mwendo wong'aluka ndi ntchito yaing'ono kwa munthu wodziwa soldering iron, ndipo anyamata okonza mawailesi ndi maampulifaya amaichita bwino kuposa ambiri a ife okonza makompyuta. Mukapita kwa iye mutapeza kale malo ake, mumuonetse vuto likuchitika, akakonza mubwereze dryer ija pamaso pake. Chip yaikulu ikakhala kuti ndiyo ikufa potentha, pamenepo gulani ina, ndipo pa ntchito yojambula ndingakulangizeni audio interface ya USB, sound card yomwe imakhala kunja kwa bokosi kutali ndi kutentha ndi phokoso la magetsi a mkatimo.

Funso, kuchokera kwa mtsikana wophunzira wa ku Kalingalinga: "Laputopu yanga imangolemba kuti mahedifoni alowetsedwa, kenako achotsedwa, ine osagwira kanthu. Mawu amalumphira ku masipika ndili pakati pa phunziro. Ndi virus?"

Achemwali, si virus. M'kati mwa kabowo ka 3.5 mm muli kachitsulo kopyapyala kamene kamakankhika mukalowetsa mahedifoni, ndipo ndiko kamauza chip kuti isamutse mawu. Kakalowa fumbi kapena kakafooka, kamagunda n'kusiya, kompyuta n'kumaganiza kuti mukulowetsa ndi kuzula. Yesani mahedifoni ena poyamba, chifukwa mitu ina yotchipa imakhala yowonda pang'ono. Kenako, laputopu ili yozimitsa, chotsani nyansi za m'bowomo ndi kamtengo kotokosera m'mano, mudonthezere isopropyl pamutu wa mahedifoni, mulowetse ndi kuzula kangapo. Mukayatsa, gwedezani mutuwo pang'ono nyimbo ikulira. Mawu akamaduka pogwedeza, miyendo ya bowolo yathothoka pa motherboard (bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta), zomwe zimachitika kwambiri kwa amene amanyamula laputopu m'chikwama mahedifoni ali chilowetsere.

Mu laputopu mulibe card yozula. Ndi kachip kakang'ono, nthawi zambiri ka Realtek, komatidwa pa motherboard, ndiye wina akakuuzani kuti musinthe motherboard yonse chifukwa cha bowo limodzi, nyamulani katundu wanu. Bowolo limawotchereredwa, ndipo pamalaputopu ena lili pa kabolodi kakekake kosintha. Ngati mayeso ayandikira, ka sound card ka USB kofanana ndi flash kamagulitsidwa m'mashopu a zamakompyuta m'tauni, ndipo kamalambalala bowo lowonongekalo.

A makompyuta a patebulo amene akuona zomwezi pamabowo a kutsogolo ayang'ane waya wochoka kutsogoloko kupita pa motherboard. Mabokosi akale ali ndi mitu iwiri, wina wolembedwa AC'97, wina HD Audio. AC'97 ndi ya 1997, HD Audio inabwera ndi Intel mu 2004, ndipo mitu yonse iwiri imalowa pamalo amodzimodzi ngakhale mawaya ake sagwira ntchito mofanana. Mukalowetsa wolakwika, kuzindikira mahedifoni kumasokonekera.

Funso, kuchokera kwa mkulu woyang'anira zokuzira mawu pa mpingo wina ku Chilenje: "Tikalumikiza laputopu ku mikisa, masabata ena kumamveka kulira kwa zzz m'masipika, masabata ena ayi. Achinyamata akuti sound card yapsa."

Akulu, Lamulungu likubwerali, kulirako kukayamba zulani chaja, laputopu iyendere batire. Kukasiya nthawi yomweyo, sound card ilibe mlandu. Masabata amene kunali bata mwina ndi amene mnyamata wa pa laputopu anabwera nayo yodzaza. Kulira kwa pansipansi kosasintha kumachokera ku magetsi a pakhoma, amene kuno ndi a 50 Hz, ndipo kumabwera laputopu ndi mikisa zikalumikizidwa pamasoketi osiyana, earth n'kupeza njira ziwiri. Kulira kwakuthwa, kosintha mukasuntha mouse, kumakonda kuchokera ku chaja chosakhala chenicheni. Onaninso ngati masiku ovutawo si amene magetsi anathima mukuyendera jenereta kapena inverter, chifukwa ma inverter otchipa amatulutsa magetsi aphokoso.

Lumikizani zonse pa extension imodzi, ndipo pakati pa laputopu ndi mikisa muike kabokosi kodula njira yachiwiri ya earth ija: DI box yokhala ndi batani la ground lift, kapena ground loop isolator. Ena amathyola mwendo wa earth pa pulagi, phokoso n'kutha. Musalole zimenezo pa mpingo: tsiku limene ampulifaya idzalakwe mkati, magetsi a 230 V adzadutsa mwa munthu wogwira maikolofoni. Chinanso, ngati waya wanu ukuchoka pabowo la mahedifoni kulowa pa XLR (bowo la maikolofoni) ya mikisa, onetsetsani kuti batani la 48 V ndi lozimitsa. Magetsi amenewo ndi odyetsa maikolofoni a condenser, ndipo akhoza kuwotchadi sound card imene achinyamatawo akuinamizira lero.

Funso, kuchokera kwa mayi wa shopu yosindikiza ku Kamwala: "Magetsi akathima n'kubweranso, kompyuta imayaka koma pa kasipika pamakhala X wofiira. Mawa lake zili bwino."

Mayi, tsiku limene X waonekera, musadikire mawa. Tsegulani Device Manager, mndandanda wa zipangizo mu Windows, muone pa Sound, video and game controllers. Chipangizo chikakhalapo koma chili ndi chizindikiro chachikasu, nthawi zambiri ndi Code 10, ndiye kuti chaoneka koma chakana kudzuka. Sankhani Restart, osati Shut down, chifukwa kuyambira pa Windows 8 pali Fast Startup imene imasunga madriver mmene analili pozimitsa, n'kuwabwezera ndi vuto lawo lomwelo. Restart ikakonza, zimitsani Fast Startup mu Power Options. Chipangizo chikasoweratu pamndandandawo, zimitsani, zulani pakhoma, dinani batani loyatsira kwa masekondi angapo, ndiye muyatse.

Yang'ananinso wotchi ya kompyutayo. Ikamabwerera m'mbuyo magetsi akathima, kabatire ka CR2032 ka pa motherboard katha, ndipo BIOS (pulogalamu ya pa motherboard yodzutsa kompyuta) ikuiwala zimene munaisankhira, kuphatikizapo za mawu. Kabatireko kamasinthidwa ndi zala. Zonsezi zikalephera ndipo X akubwerabe pokhapokha magetsi akaduka, ndimayesa power supply ina yobwereka kwa sabata imodzi ndisanakhudze motherboard. Ndipo pamene magetsi athima, zulani kompyutayo pakhoma, mudikire abwere ndi kukhazikika kwa mphindi zingapo musanailumikizenso, kapena muigulire UPS yaing'ono, kabokosi ka batire, yoti muzitha kuizimitsa mwadongosolo.