Chikasu chinathandiza makoswe, nanga amuna anga?

FUNSO: Anti moni. Apongozi anga aamuna anamwalira ndi khansa ya m'matumbo ali ndi zaka 52 chabe. Manje pa gulu lathu la tchalitchi pa WhatsApp wina anatumiza uthenga ati asayansi anapatsa makoswe chikasu khansa osawagwira, ndiye ine ndinathamanga ku Soweto kukagula cha ufa chija, m'mawa uliwonse ndimawasungunulira abambo a kunyumba masipuni awiri mu tiyi. Ali ndi zaka 41 ndipo masiku ena amaona timagazi akapita kuchimbudzi koma amakana kuchipatala ati ndi mapailosi basi. Kodi ndiwonjezere chikasucho? — Mayi wa ku Chawama

YANKHO: Amayi, za makoswezo sibodza ayi, koma wotumizayo wakupatsani mutu wa nkhani thupi wasiya. Ofufuza amatenga makoswe kapena mbewa n'kuzibaya mankhwala otchedwa azoxymethane oyambitsa dala matendawa, kenako zina amaziikira curcumin mu chakudya, ndiye kanthu kamene kamapatsa chikasu mtundu wachikasu uja, zina ayi. Pakapita masabata angapo amang'amba thumbo, kulipaka utoto wabuluu n'kuwerenga pa maikulosikopu timabowo topunduka timene timaoneka khansa isanayambe n'komwe, njira imene Ranjana Bird anaifotokoza mu 1987 ku Canada. Ndipo zoona, zodya curcumin nthawi zambiri timabowoto timachepa. Ayesanso sulforaphane wa mu burokoli ndi kabichi, quercetin wa mu anyezi, resveratrol wa m'makoko a mphesa, za mu adyo ndi tiyi wobiriwira.

Koma khoswe wa mu labu amadya chakudya choyezedwa tsiku ndi tsiku, samwa mowa, sasuta, sadya soseji pa braai, ndipo mlingo amene amapatsidwa poyerekeza ndi kathupi kake inu simungaufikire ndi sipuni, komanso curcumin thupi la munthu silimuyamwa bwino, wambiri amangodutsa. Atayesa pa anthu nkhani inasintha. Mu 2018 kunatuluka zotsatira za anthu 44 a matenda otengera kwa makolo amene amameretsa tinthu tambirimbiri m'matumbo, ena anamwa magalamu 3 a curcumin tsiku lililonse chaka chathunthu ena mapilisi opanda kanthu, pamapeto kusiyana kwenikweni panalibe. Ndiye osawonjezera. Mu ndiwo thirani ndithu, nkhuku imakoma nacho, koma makapisozi amphamvu ogulitsidwa modula aja ena awonongeka nawo chiwindi, ndipo wakumwa warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, ayambe wafunsa adokotala.

Chimene chandikhalitsa tsonga ine ndi magaziwo. Mwina ndi mapailosi inde, ambiri amakhala amenewo, koma munthu amene bambo ake omubala anadwala khansa imeneyi sitiyerekeza, amayenera kuunikidwa msanga kuposa anzake, madokotala amati pa zaka 40 kapena zaka 10 asanafike msinkhu umene kholo linapezeka nayo. Amuna anu adutsa kale zaka 40. Khansayi kawirikawiri imayamba ngati kanjerewere m'kati mwa thumbo, kamatha zaka pafupifupi 10 kasanasanduke koipa, ndipo pa colonoscopy amalowetsa kapaipi ka kamera, akakaona amakadula pompo. Azibambo ambiri amathawa chifukwa cha kolowera kapaipiko, manyaziwo ndikuwamvetsa, koma amapereka mankhwala oti munthu asamve kwambiri, chotopetsa ndi dzulo lake pomwe umamwa zotsuka m'mimba n'kugona pafupi ndi toileti.

Pakhomo chitani izi, nsima ya rola m'malo mwa bulekifasi, nyemba, chiwawa, kalembula, bondwe, polone ndi soseji zichepe popeza bungwe la WHO lofufuza za khansa linanena mu 2015 kuti nyama zokonzedwa chonchi zimayambitsa khansa ya m'matumbo, mowa ndi fodya nazonso zichepe.

Yambirani pa kiliniki yakwanu, akaona kufunika akulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha UTH, ndipo Cancer Diseases Hospital ili pafupi pomwepo. Mukanene zonse, zaka zimene apongozi anapezeka nayo, ngati thupi likutsika, ngati chimbudzi chasintha. Abambowo akapitiriza kukana itanani amalume awo kapena achimwene awo awalankhule, ndiponso abale awo obadwa nawo muwauze, nkhaniyi ikuwakhudza onse.