Emmons kapena Day: musafulumire kusintha

Achimwene, mwafunsa ngati musinthe kasanjidwe ka mapedulo a pedal steel yanu (gitala yokhala ndi mapedulo oponda ndi phazi) chifukwa akakolo akupweteka. Khalani pa Emmons pomwepo, kasanjidwe koyika mapedulo A, B, C kuchokera kumanzere. Kupweteka kwa akakolo mutangoimba milungu iwiri si chifukwa chokwanira chosamukira ku Day, komwe mapedulo amatembenuka n'kukhala C, B, A.

Pa E9, kachunidwe ka nsambo za gitalayi, ntchito yaikulu ili pa mapedulo A ndi B. Pedulo A amakweza nsambo 5 ndi 10 kuchoka pa noti ya B kufika pa C#, pomwe pedulo B amakweza 3 ndi 6 kuchoka pa G# kufika pa noti ya A. Kukoma konse kumabwera mukaponda B n'kupendeketsa phazi pang'onopang'ono kuti A alowe. Ine ndinavutika pomwepa miyezi ingapo, kumaganiza kuti phazi langa ndi lopotoka, osadziwa kuti A anali m'munsi kwambiri. Nditamukweza pang'ono kuposa B, chidendene chili pansi, bondo linasiya kugunda lever (kachitsulo kokankha ndi bondo) mwangozi. Nsapato zolimba zakutchalitchi zija zivuleninso, simungamve pedulo muli m'menemo.

Day si wolakwika ayi, Jimmy Day mwiniwake, woimba amene kasanjidweka kanatengera dzina lake, ankaimba zogwetsa misozi. Koma maphunziro ambiri analembedwa poganizira Emmons, ndipo mukasintha mapedulo, ma lever a nsambo 4 ndi 8 nawonso amafunika kusinthana mbali, poti pedulo A amayenda ndi lever wokweza noti ya E kufika pa F.

Mukatsimikizabe zosintha, musamasule nokha timitengo tachitsulo tapansipo, pitani ndi gitalayo kwa mmisiri wodziwa pedal steel. Ululu ukamapitirira ngakhale simukuimba, kaonaneni ndi dokotala.