Nkhani ya matchona sinathe, nchifukwa chake alembi sakuisiya

Achemwali, mwafunsa chifukwa chimene alembi a nkhani zopeka a muno mu Africa amangobwererabwerera ku za atsamunda ndi za anthu ochoka kwawo, chonsecho ife tinalandira ufulu kalekale mu 1964. Ine ndikuona kuti alembiwo sakukumba zakale, chifukwa njira imene atsamunda anailambula anthu akuiyendabe mpaka lero.

Boma la atsamunda litakhazikitsa msonkho wa nyumba wolipira ndi ndalama, mwamuna wa kumudzi analibe pothawira: ankayenera kugwira thangata m'minda ya azungu ku Thyolo, Mulanje ndi Chiradzulu, kapena kulembetsa ku Wenela, bungwe lolemba anthu ntchito za m'migodi, n'kupita kumigodi ya ku Joni, kapenanso kulowera ku Salisbury (Harare ya lero) ndi ku Bulawayo. Ndege itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70 ochokera kumigodi, Kamuzu Banda anaimitsa zolemba anthu ntchitozi, koma ulendowo sunafe. Pitani pa Wenela muno mu Blantyre m'mawa, mukaone anyamata atakumbatira zikwama kudikira basi ya ku Johannesburg, amayi awo ataima chapatali, manja ali m'chiuno, osalankhula kanthu.

Mabuku a mbiri amatiuza zaka ndi ziwerengero, koma satilowetsa mumtima mwa munthu, ndipo apa ndi pamene nkhani yopeka imagwira ntchito yake. Taganizirani za mwana wobadwira ku Mbare mu Harare, bambo ake Mmang'anja wa ku Chiradzulu, mayi ake Mshona. Kwa amayi ake, mwambo umati mwana ndi wa kuchimuna, choncho kumeneko amamuyesa Mmalawi. Bambo ake akamwalira, iye n'kubwera kudzafuna kwawo, amapeza kuti kuno mwana ndi wa kuchikazi, munda ndi wa mbumba, ndipo mwini mbumba alibe pomuika. Amamulandira bwino, amamuphera nkhuku, koma pokamba za malo ndi za manda amamuyang'ana ngati mlendo. Palibe amene wamuchitira nkhanza mwadala, komabe munthuyo alibe kwawo mbali zonse ziwiri. Ululu wotere sungalembedwe mu lipoti la boma. Umafuna mlembi wodekha amene angakhale naye munthuyo pa khonde usiku umenewo.

Nchifukwa chake sindinadabwe pamene Abdulrazak Gurnah, wobadwira ku Zanzibar amene anathawira ku England ali mnyamata, analandira mphoto ya Nobel mu 2021 chifukwa cholemba za utsamunda ndi za othawa kwawo. Ifenso tili ndi athu: David Rubadiri ndi Legson Kayira anakhala zaka zambiri kunja chifukwa cha ndale za nthawi ya chipani chimodzi, zomwe zikusonyeza kuti si mzungu yekha amene anachotsa anthu pakhomo.

Pamene ndikugwirizana nanu, achemwali, ndi pakuti nkhanizi zachuluka kutsata wopitayo, makamaka wophunzira amene wafika ku London. Ndikulakalaka buku la m'Chichewa lonena za mayi amene anasiyidwa ndi pakati, nalima yekha, nakhoma yekha msonkho, nalera ana akudikira kalata yosabwera, komanso lina lonena za anyamata amene anabwezedwa pa mabasi a boma mu 2015, atathawa zipolowe zodana ndi alendo ku South Africa, akufika kumudzi chimanjamanja pamene abale anagulitsa mbuzi kuti iwo apeze ndalama ya ulendo.