Mafunso a Owerenga: Kodi nyimbo zopanda mawu zingakambe za chilengedwe?

Funso: Ndimaphunzitsa nyimbo pa sukulu ina ya sekondale kuno ku Kasungu. Ndinamva pa wailesi kuti kumaiko akunja kumachitika makonsati a chamber music amene nyimbo zake zimachokera ku kulira kwa mbalame, madzi ndi nyama. Kodi zimenezi zimatheka bwanji popanda mawu, ndipo ife amene tilibe vayolini tingazichite? (Mphunzitsi, Kasungu)

Yankho: Zikomo aphunzitsi chifukwa cha funso lanu. Nyimbo zimenezi zimaimbidwa ndi kagulu kochepa, kawirikawiri anthu atatu, anayi kapena asanu, ndipo aliyense amakhala ndi mbali yakeyake. Sipakhala wotsogolera woimirira kutsogolo, choncho oimbawo amadalira kumvetserana ndi kuyang'anana kuti ayambire limodzi ndi kutsirizira limodzi.

Amene anazama kwambiri pa za mbalame ndi Olivier Messiaen, wopeka nyimbo wa ku France, yemwe ankalawirira kuthengo ndi kope n'kumalemba kulira kwa mbalame m'manotsi. Mu 1940 anagwidwa pa nkhondo ndi asilikali a ku Germany, ndipo ali mu msasa wa akaidi ku Görlitz, m'dziko la Germany, anapeka nyimbo ya zida zinayi, piyano, vayolini, chelo (chida chonga vayolini koma chachikulu) ndi kilarineti (mtundu wa chitoliro), chifukwa oimba zida zimenezo ndi amene analipo. Inaimbidwa koyamba pa 15 Januwale 1941 pamaso pa akaidi anzake ndi owalondera. Pali gawo limene kilarineti imalira yokha, kuyamba pang'onopang'ono mwachisoni, kenaka mwadzidzidzi n'kuyamba kudumphadumpha monga mbalame zimachitira kukamacha, ndipo womvera amazindikira yekha kuti mkaidiyo ankalakalaka ufulu. Mu 1971 George Crumb wa ku America, atamva tepi ya kulira kwa anamgumi, anapeka nyimbo ya chitoliro, chelo ndi piyano, ndipo analamula kuti oimba azivala zophimba kumaso zakuda kuti omvera aiwale za munthu woimbayo.

Pali mfundo ina imene ikutikhudza ifeyo mwachindunji. Makilarineti abwino amasemedwa kuchokera ku phingo, mtengo wakuda mkati, wolemera ndi wolimba, umene umamera ku Tanzania, ku Mozambique ndi kwathu kuno. Phingo amatenga zaka makumi ambiri kuti akhwime, ndipo kuyambira mu 2017 malonda ake kunja amayang'aniridwa ndi pangano la CITES, la maiko ambiri loteteza nyama ndi zomera kuti zisathe chifukwa cha malonda. Ndimamva chisoni poona kuti mtengo umene oimba a ku Paris amaulemekeza chotero, ife nthawi zina timausiya kuti upse ndi moto wolusa wa osaka mbewa.

Tsopano za kusowa vayolini. Musadandaule, pakuti kaligo, bangwe, kalimba ndi chitoliro cha bango n'zokwanira kupanga kagulu kotere, ndipo zida zimenezi zili ndi mawu ofewa oyenera chipinda chaching'ono. Chimene ndingakulangizeni ndi chakuti muyambe ndi makutu, zida zibwere pambuyo. Tengani ophunzira anu m'mamawa mupite nawo m'mbali mwa dambo, akhale chete kwa kanthawi, ndipo aliyense asankhe mbalame imodzi, kaya njiwa, pumbwa kapena nkhanga, n'kuigwira bwino kaliridwe kake: pamene ikukweza, pamene ikutsitsa, ndi pamene ikupumira. Pobwerera, wa kaligo atenge njiwa, wa chitoliro atenge pumbwa, wa bangwe agwire pansi, ndipo aphunzire kupatsana mpata. Pa tsiku la konsati musabwereke zokuzira mawu, chifukwa zimameza tinthu tating'ono timene nyimbozi zimadalira.

Ndikupemphaninso kuti musapeke zokoma zokhazokha. Ophunzira anu akudziwa mitengo imene yathera m'mabani a fodya ndi m'mauvuni a makala. Akudziwanso kuti njovu 263 zimene zinasamutsidwa kuchokera ku Liwonde kupita ku Kasungu National Park mu 2022 zinasangalatsa ambiri, koma mabanja ena okhala m'malire a nkhalangoyo anataya mbewu, ena anataya abale. Mwana wa m'midzi imeneyo akapatsidwa ng'oma yaing'ono kuti asonyeze usiku umene njovu zinalowa m'munda, muloleni aimbe mantha akewo, ndipo makolo a m'midziyo muwaitane adzakhale pa mipando ya kutsogolo.