Maluwa a maungu akuthothoka osabereka

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake maungu anu achita maluwa ambiri koma akungothothoka. Musadandaule msanga. Dzungu limatulutsa maluwa amitundu iwiri pa chomera chimodzi. Aamuna ndiwo amayamba kutuluka, amakhala pa kaphesi kowonda kotalika, ndipo ntchito yawo ndi kupereka mungu basi, kenako n'kugwa. Lalikazi mudzalizindikira ndi kadzungu kakang'ono kotupa kunsi kwake.

Mungu wa dzungu ndi wolemera komanso womata, mphepo siyiunyamula ngati wa ngayaye za chimanga. Pamafunika njuchi. Duwalo limatseguka m'mawa, pofika masana lafota, ndiye njuchi ikapanda kufika m'maola amenewo, kadzunguko kamachita chikasu n'kuwola. Opopera mankhwala m'mamawa amadzipweteka okha apa, chifukwa amapha njuchizo.

Ngati njuchi zikusowa, thyolani duwa lalimuna lotseguka kumene, chotsani masamba ake achikasuwo, mukhudzitse kamtima kake pakati pa duwa lalikazi. Ine ndimatero dzuwa lisanatenthe.

Ndipo muwauze alamu akamatchola chiluwe cha ndiwo azisiyako aamuna angapo, aakaziwo asawakhudze n'komwe.