Achemwali, dzina lanu linayenera kukhalapo

Mtsikana wina wandilembera imelo. Zaka ziwiri wakhala akusonkhanitsa ndi kusanthula deta pa kafukufuku wa zaumoyo, koma pepala la zotsatira za kafukufukuyo litatuluka dzina lake mulibe. Pano akumuuza atumize deta yonse kunja. Akufunsa ngati atumize.

Achemwali, mwatokosa chilonda changa chakale.

Ine ndinayendapo m'midzi ya ku Chikwawa nthawi ya dzinja, pa njinga yakapalasa, mafomu nditakulunga m'jumbo kuti asanyowe. Amayi ankandifotokozera za ana awo amene anamwalira ndi malungo, ena misozi ili mbwembwembwe, ine n'kumalemba. Funso lina anthu sankalimvetsa, ndine ndinazindikira n'kulikonza. Pepala litatuluka ndinawerenga mayina onse mpaka kawiri. Munali anthu oti ku Chikwawa sanapondeko phazi. Ife anangotithokoza kumapeto, osatchula ndi dzina lomwe. Usiku umenewo nsima inandikanika.

Kale ndinkati ndi mmene zimakhalira. Lero ndikuti kumeneku ndi kuba. Popanda dzina papepala simukwezedwa, sikolashipu simupeza, thukuta lanu amadyerera ena. Jocelyn Bell Burnell ali wophunzira ndiye anayamba kuona nyenyezi zotchedwa pulsar mu 1967, dzina lake papepala linalipo ndithu, komabe mphoto ya Nobel ya 1974 inapita kwa Antony Hewish, amene ankamuyang'anira, ndi Martin Ryle. Nanga inu amene ngakhale dzinalo akuchotsani?

Za detazi nazo zimandiwawa. Mu Novembala 2021 asayansi a ku Botswana ndi South Africa, monga Sikhulile Moyo ndi Tulio de Oliveira, anapeza Omicron, mtundu watsopano wa kachilombo ka COVID-19, n'kuuza dziko lonse mwachangu. Malipiro ake anali kutitsekera maulendo. Britain ndi America anaika ngakhale Malawi pamndandanda wa mayiko otsekeredwawo. Komabe kubisa deta ine sindivomereza, chifukwa amayi aja sanatsegule mitima yawo kuti mayankho awo awolere mukompyuta ya munthu mmodzi.

Ndiye muchite chiyani?

Malamulo a ICMJE, komiti ya akonzi a magazini a zachipatala, amati amene wathandiza kwambiri kusonkhanitsa kapena kusanthula deta apatsidwe mpata wolemba nawo pepala. Lemberani mkulu wa kafukufukuyo, mutchule zimenezi, mupemphe kuti akonze. Deta musaitumize nokha pa imelo. Funsani kaye mgwirizano wolembedwa, muonenso ngati komiti imene inavomereza kafukufukuyo, kaya COMREC kaya NHSRC, inaloleza kuti ituluke.