Sitima zankhondo za China n'zambiri, koma zingafike pati?

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina. Akuti anamva zoti China tsopano ili ndi sitima zankhondo zapamadzi zambiri kuposa America, ndiye akufunsa kuti: "Ngati zilidi choncho, chikuiletsa n'chiyani kulamulira nyanja zonse, ngakhale Indian Ocean?"

Zikomo chifukwa cha funsoli. Zimene munamvazo si bodza. Unduna wa zachitetezo ku America umawerengera kuti China ili ndi sitima zankhondo zoposa 370, pamene za America sizikwana 300. Koma nambalayi ikutiuza chiwerengero chokha. Sikutiuza kukula kwa sitimazo, ndiponso sikutiuza kuti zingathe masiku angati kutali ndi kwawo zisanayambe kusowa mafuta.

Tiyambe ndi sitima zonyamula ndege, poti ndi zimene anthu amakonda kujambula. Yoyamba ya China, Liaoning, inali chigoba cha sitima ya Soviet Union yotchedwa Varyag, imene inasiyidwa isanathe kumangidwa. Anaigula ku Ukraine mu 1998, n'kuikoka mpaka ku China, ndipo inayamba ntchito mu 2012. Shandong inatsatira mu 2019. Pa ziwiri zonsezi ndege imathamanga ndi mphamvu zakezake mpaka kutsogolo kwa sitima, kumene kuli kamtunda kopindikira m'mwamba, n'kudumphira pamenepo. Kuti idumphe bwino iyenera kukhala yopepuka, choncho amachepetsa mafuta kapena mabomba. Yachitatu, Fujian, imene anaitsitsira m'madzi mu 2022, ili ndi makina amagetsi okankha ndege, ndipo apa anapitadi patsogolo. Komabe zitatu zonsezi zimayendera mafuta. America ili ndi 11, zonse zoyendera nyukiliya.

Nkhani yagona pa mafutapo. Sitima yotere siyenda yokha. Imakhala ndi zina zoiteteza, ndipo zonsezo zimafuna mafuta, chakudya cha amalinyero, zida ndi malo okonzerapo injini ikavuta. America ili ndi malo otere ku Yokosuka ku Japan, pa chilumba cha Guam ku Pacific, ku Bahrain ndi pa chilumba cha Diego Garcia ku Indian Ocean, ndipo yawagwiritsa ntchito kwa zaka makumimakumi. China inatsegula malo ake oyamba a asilikali kunja mu 2017, ku Djibouti. Mwina munena kuti nanga madoko ngati Hambantota ku Sri Lanka ndi Gwadar ku Pakistan, si makampani a ku China amawayendetsa? Inde. Koma doko lotsitsira makontena ndi lina, doko lopakirira mizinga nkhondo ili mkati ndi linanso. Ndikukayika ngati boma la Sri Lanka lingalole msanga kuti doko lake lisanduke chandamale pa mkangano wa eni ake.

Tsopano tsegulani mapu. Kum'mawa kwa China kuli mndandanda wa zilumba kuyambira Japan, kutsika ndi Okinawa, Taiwan mpaka Philippines. Sitima yofuna kutulukira ku Pacific imadutsa m'mipata ngati Miyako kapena Bashi, kumene Japan ndi America amakhala ali tcheru usana ndi usiku. Yolowera ku Indian Ocean nthawi zambiri imadzera pa mpata wa Malacca, pakati pa Malaysia ndi Indonesia, pamene pamadutsanso mafuta ambiri amene China imagula kunja. Germany inakumana ndi zofanana: inamanga sitima zamphamvu nkhondo ya 1914 isanayambe, koma Britain inali itakhala pakhomo, ndipo itatha nkhondo yapanyanja ya ku Jutland pakati pa mayiko awiriwa mu 1916 sitima zikuluzikuluzo zinkangokhalitsa padoko.

Palinso luso, limene siligulidwa. Asilikali a China anamenya nkhondo yaikulu komaliza mu 1979, ndi Vietnam, ndipo inali yapamtunda. Kuyambira December 2008 akhala akutumiza sitima ku Gulf of Aden, nyanja ya pakati pa Yemen ndi Somalia, kukaperekeza zamalonda poopa achifwamba a panyanja, ndipo mu 2015 anasamutsa anthu ku Yemen. Aphunzira zambiri kumeneko, koma wachifwamba wa m'kabwato si mdani wokhala ndi ndege komanso sitima zoyenda pansi pa madzi.

Musanditenge ngati ndikuipeputsa China. Pafupi ndi gombe lake, moyang'anizana ndi Taiwan ndi South China Sea, ili ndi ndege zonyamukira pamtunda ndiponso mizinga ngati DF-21D ndi DF-26 yopangidwira kuphwanya sitima, moti America imaganiza kawiri isanayandikire. Imamanganso pafupifupi theka la sitima zamalonda za dziko lonse, ndiye amisiri ndi malo omangira ili nazo kale. Ine ndikamatsata nkhaniyi sindiyang'ana kwambiri zithunzi za Fujian. Ndimawerenga sitima zonyamulira zinzake mafuta ndi katundu, monga za mtundu wa Type 901, ndipo ndimayang'ana kuti sitima za China zikukhala nthawi yaitali bwanji pa doko la Ream ku Cambodia.